Nsalu Imene a Mbewe Anaikana

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukupezeni pamene mwakhalapo. Inu a kumbuyoko, mukamva ndikukuwa musati ndakwiya, ayi. Makutu anga anatsalira m'fakitale. Ife owomba nsalu tonse timalankhula mokweza choncho, ngakhale popempha mchere. Chichewa changanso muchikhululukire, ndi cha konkuno ku Chegutu, chimatuluka ndi Chishona m'kati mwake, nsima n'kukhala sadza, ndalama n'kukhala mari.

Dzina langa ndine Layitoni Phiri. Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a thonje, ine ndinabadwira kuno, Malawi ndimangomumva. Ndaima pano chifukwa abusa anandiuza kuti, "A Phiri, muno muli amuna ena amene akununkha zimene munkanunkha inu, kalankhuleni nawo." Sinditchula munthu. Koma mphuno yanga ikugwirabe ntchito, ndipo polowa pakhomopo ndamva ndithu kuti anzanga mwabwera.

Ndinalowa m'fakitale ya nsalu ndilibe ndevu. Ana a lero simungamvetse. Saireni ikalira m'mawa, Chegutu yense ankadzuka, msewu wa ku Pfupajena n'kudzaza njinga ndi maovolosi. M'kati mwa fakitalemo munali phokoso loti ngakhale mnzako akukuwire m'khutu sungamve kanthu, ndiye tinkalankhula ndi manja ndi milomo basi. Munthu ankatha kukutukwana ali kutali uko, iwe n'kumubwezera, bwana ali pakati osadziwa chilichonse.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Jailosi Mbewe, mkulu wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba. Iwo anali woyendera nsalu. Nsalu iliyonse yochoka pa makina athu inkadutsa m'manja mwawo. Akapeza polakwika ankakandapo ndi chikhadabo, kwee, akukuyang'ana m'maso, ndiye kuti nsaluyo aikana. Ikakhala yabwino ankaikapo chikhatho chonse, pha, ndiye kuti yadutsa. Ine chikhadabo chimenecho chinandizunza zaka zambiri! Ndi iwonso amene anandiphunzitsa kumanga mfundo ya owomba. Ulusi ukaduka makina amaima, ndiye umatenga nsonga ziwirizo n'kuzilumikiza ndi kamfundo kakang'ono koti m'nsalu kasamveke. Ndinafika poti ndinkamanga mfundoyo maso ali kwina.

Tsono ife ana a ku Malawi a m'fakitalemo tinali ndi mwambo wathu. Kumanda a makolo athu n'kutali, kuno tilibe mudzi. Ndiye tinkati mnzathu akamwalira, nsanda yake, nsalu yoyera yomukulungira ija, isagulidwe m'sitolo. Iwombedwe ndi manja a mnzake wa pa shifiti. Tinkapempha kwa mabwana, ankatilola, ndipo munthu ankapita atavala thukuta la anzake. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi a Mbewe anandikodola n'kundiuza kuti, "Iwe Layitoni, yanga udzawomba ndiwe." Ine ndinaseka. Ndinati, "Madala, inu mudzaikana muli m'bokosi momwemo." Sanaseke. Patapita nthawi anawasamutsira ku Kadoma, kumene kunalinso fakitale ya nsalu, ndipo anapumira ntchito komweko, ku Rimuka.

Za kugwa kwanga sindichedwapo, ambiri mukuzidziwa, ena munkandilumpha mu ngalande. Mashifiti anayamba kuchepa, makina ena kuwafunditsa mapepala, kenako tsiku lina saireni sinalire. Ine ndinkadzukabe nthawi yomweyo, kuvala ovolosi, kupita pa geti. Tinkaima pamenepo amuna akuluakulu kuyang'ana loko. Dzuwa likakwera wina ankati, "Tiyeni tikadikirire ku bhawa," ndiye kuti kumalo omwera mowa kuja. Tinayamba ndi masese. Masese atayamba kuchedwa kugwira, tinapita ku kachasu. Amake Rudo, mkazi wanga, anayamba kugulitsa mabhero pa msika, zovala zakale zija zimene ku Malawi amati kaunjika. Ine m'malo mothokoza ndinkawalalatira kuti, "Zinthu zimenezi ndi zimene zapha fakitale yathu!" Koma sadza logulidwa ndi mabhero omwewo ndinkadya, ndiwo n'kupemphanso zina.

Ndinagulitsa njinga. Ndinagulitsa wailesi, nsapato za ntchito, mpaka chitseko cha kuchimbudzi, abale. Ndipo pansi penipeni ndinafika tsiku limene ndinalowa ndi anzanga pa mpanda wogumuka kuseri kwa fakitale, titanyamula nyundo ndi wilibala, kukatola zitsulo zokagulitsa. M'chipinda chimene tinkawomberamo nsalu munali nkhunda ndi madzi a mvula. Ndinawapeza makina anga enieni, ndinawadziwa ndi kamtanda kamene ndinajambula pambali pake ndili mnyamata. Ndinawamenya ndi nyundo. Madzulo ake ndinali nditawamwa.

Kuyambira pamenepo amake Rudo anasiya kundikalipira. Ankangoika mbale pansi n'kutuluka. Rudo mwana wanga akandiona pa msewu ankakhotera njira ina. Manja anga anayamba kunjenjemera m'mawa uliwonse, moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri, ndipo pagulu ndinkawabisa m'matumba.

Tsiku lina foni ya amake Rudo inalira. Anali Esinati, mwana wa a Mbewe. Analankhula Chishona monga ana athu onse, kuti bambo ake akudwala ndipo akufuna baba Rudo, ndiye kuti ineyo. Ine ndinati ndipita mawa, mawa n'kukhala mawa lina. Mapeto ake amake Rudo anandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu, kundikweza kombi okha, n'kuuza kondakitala kuti, "Bambo awa musawatsitse panjira ngakhale alire. Mukawatule ku Kadoma."

Ku Kadoma n'pafupi, koma ndinali nditatha zaka zambiri osapondako. Ine ndinkakudziwa kale, pamene timu ya mpira ya fakitale yathu inkapita kukasewera ndi anzathu akumeneko. Nthawi imeneyo malole a thonje ochokera ku Sanyati ankandanda msewu wonse, thonje likuuluka n'kumakakamira m'mipanda ndi m'tsitsi la anthu. Ndiye nditatsika ndinati ndiyende wapansi, ndione mzinda. Kunena zoona ndinkafuna kupeza pomwera kaye.

Kalanga ine, zimene ndinaona! Kumafakitale kuja kunali zii. Nyumba zikuluzikulu zili mbee, malata anapita, mazenera opanda magalasi. M'nyumba ina mtengo unamera pakati n'kutulukira pamwamba, ndipo sunali mtengo waung'ono ayi, unali woti munthu n'kukhala pamthunzi. Ina anaisandutsa tchalitchi, ina munali mbuzi. Njanji imene inkalowa m'fakitale inakwiririka ndi udzu, wina anadzalapo chimanga. Pamalo pamene antchito ankaimika njinga panali mabhero atayalidwa pansi, amayi akuitanira malonda. Msewu maenje okhaokha, magalimoto akuyenda mokhotakhota ngati nawonso amwa. Anyamata amene ndinakumana nawo anali a matope ofiira mpaka m'makutu, tochi pamphumi, makorokoza aja okumba golide cha ku Eiffel Flats. Ndinafunsa mmodzi kuti, "Mwanawe, geti lalikulu la fakitale ya nsalu linali pati?" Anandiyang'ana n'kuyankha m'Chishona kuti iye sadziwa, zimenezo ndifunse achikulire.

Mukudziwa chimene chinandichitikira? Ndinakondwa. Ee, ndinakondwa, ndisaname pa guwa. Mumtima ndinati, "Aonatu! Si ine ndekha. Ngati mzinda wonse wagwa chonchi, Layitoni ndani kuti aime?" Ndinalowa penapake n'kumwa kabotolo kamodzi kuti manja akhazikike, kenako ndinalunjika ku Rimuka.

Ku Rimuka madzi a m'zimbudzi anali akuyenda mumsewu, ana akulumpha pa njerwa zimene anthu anaika zopondapo. Amayi anali pa mzere wa mjigo ndi zigubu. Koma pakhomo pa a Mbewe panali posesedwa bwino, ndi kadimba ka repu ndi anyezi kothirira ndi madzi otsukira mbale. Esinati ananditsegulira. "Pindai, baba Rudo," anatero, kundilowetsa. Ndinawapeza a Mbewe atakhala pa bedi, atatsamira khoma. Matenda a shuga anali atawadya maso, sankaonanso. Mawu awo anali atachepa kwambiri, ndiye ine ndi makutu angawa ndinachita kuwerama kuti ndimve. Tangoganizani, wina saona, wina samva.

"Layitoni," anatero, "wafika ndi mnzako."

"Ayi madala, ndili ndekha."

"Ndamumva fungo. Khala pansi. Bweretsa manja."

Manja anali m'matumba. Ndinawatulutsa pang'onopang'ono. Anawagwira, kuwatembenuza, kupapasa zala chimodzichimodzi. Kabotolo kaja sikanathandize, ankangonjenjemera m'manja mwawo. Anauza Esinati kuti akoke thumba limene linali kunsi kwa bedi. M'thumbamo munali makoni a ulusi woyera, wa m'fakitale weniweni, okulungidwa bwino m'mapulasitiki. Anawagula pamene fakitale inkatsekedwa, n'kuwasunga zaka zonsezi. Pamwamba pake panali shatulo, kamtengo kosongoka uku ndi uku kamene kamanyamula ulusi powomba, kosalala ndi ukalamba.

Anasolola ulusi, kuudula ndi mano, n'kundipatsa nsonga ziwiri.

"Manga."

Abale, mfundo imene ndinkamanga maso ali kwina! Ndinayesa, nsonga zinaphonyana. Ndinayesanso, ulusi unagwa pansi. Ndinautola, thukuta lili kamukamu, Esinati wayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Pomaliza ndinamanga chimfundo cha mbuzi, chonga chomangira thumba la makala. Anachipapasa, n'kuchikanda ndi chikhadabo, kwee.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Madala, mukundivutitsiranji? Tulukani panja muone! Fakitale kulibe, makina kulibe, Kadoma yense wafa, Chegutu wafa. Mfundo ya chiyani tsopano?"

"Ine sindingatuluke kukaona," anayankha. "Za Kadoma ndimangomva. Koma ine sindinapangane ndi Kadoma. Ndinapangana ndi iwe."

Ndinabweza manja m'matumba.

"Esinati akuti adzandikulunga m'shiti ya pa bhero," anapitiriza. "Shiti imene anagonapo munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sindimudziwa. Ine Jailosi, amene ndayendera nsalu moyo wanga wonse? Anzathu onse tinawaika ndi nsalu ya manja athu. Atsala ndani wondiwombera? Ena anafa, ena ali ku Joni. Watsala ndiwe, chidakwa iwe. Adokotala akuti impso zatopa. Ndiye usachedwe."

"Ndiwombera pa chiyani? Makina ndina..." Sindinathe kuwauza zimene ndinawachita makina aja.

"Makolo athu ankawomba asanaone magetsi," anatero. "Matabwa anayi ndi shatulo. Nzeru zake uli nazo, unkakonza makina ndiwe. Chimene ulibe ndi manja."

Ndinatuluka m'nyumbamo nditasenza thumba la ulusi. Pobwerera ku kombi ndinadutsanso kumafakitale kuja, ndipo ulendo uno sindinakondwe. Ndinaima pa nyumba ya mtengo ija n'kulira ngati mwana, amayi a mabhero akundiyang'ana. Ndinkalira ndi mantha. Ndinkaopa kuti nkhalamba ija imwalira ine ndisanathe kumanga mfundo imodzi, n'kupita m'shiti ya eni ake chifukwa cha ine. Pamenepo ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga. Ndinati, "Ambuye, ndibwezereni manja anga." Basi. Ndipo ndikuuzeni, m'kombi muja maganizo anandibwerera akuti ulusi umenewu ungagulike bwino. Satana sachita manyazi. Ndinalikumbatira thumbalo mpaka ku Chegutu, n'kukalipereka m'manja mwa amake Rudo kuti alitsekere m'sutikesi yawo.

Tsono mvetserani, inu amene mwabwera ndi anzanu a m'botolo aja, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito. Musaganize kuti ndinadzuka m'mawa ndili mngelo. Ndinayesa kusiya ndekha, thupi linakana. Ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma zimene kunalibe. Amake Rudo ananditengera ku kiliniki, ndipo anamwino anandikalipira kuti munthu amene wamwa zaka zambiri chonchi sasiya yekha m'nyumba, akhoza kufa. Anandipatsa mankhwala, anandiuza masiku obwerera, ndipo ndinkabwerera. Musachite manyazi ndi kiliniki. Pemphero ndi mankhwala sizidana.

China, ndinasintha njira. Kuchokera kwathu kupita ku msika njira yachidule imadutsa pa bhawa. Ine mpaka lero ndimazungulira kuseri kwa sukulu, ngakhale mvula ikugwa. Anzanga aja ankandiitana, "Phiri, watipandukira?" Ndinkangokweza dzanja osaima, chifukwa ndikudzidziwa, ndikaima ndakhala. Ndinaphunziranso kudya m'mawa. M'mimba mopanda kanthu ndi mmene ludzu lija limayambira.

Koma chachikulu chinali nthawi ija ya saireni. Thupi langa linkadzukabe lokha kufuna shifiti, ndipo kale ndinkalipititsa ku geti kenako ku bhawa. Tsopano ndinalipatsa shifiti yake. Ndinapempha matabwa a bedi lakale kwa aneba, misomali ndinawongola yakale, mano opetera ulusi ndinapanga ndi masipoko a njinga. Ndinalakwitsa kangapo, kumasula, kukhomanso. Rudo ankasuzumira pazenera n'kufunsa amake m'Chishona ngati bambo ayamba misala. Chinthucho chitaima m'chipinda chathu chochezera, ndinavala ovolosi yanga yakale n'kukhala pansi.

Kuyamba kwa nsalu imeneyo, abale, kunali kochititsa manyazi. Ulusi unkaduka pafupipafupi chifukwa ndinkakoka mosalinganiza, ndipo paliponse poduka ndinkaikapo chimfundo cha makala chija. Mizere inkapita mokhota. Ndili m'kati, ndinagwa. Kunali maliro kwa aneba, wina anandipatsa kapu, ndinati kamodzi kokha. Ndinatayika masiku angapo. Nditabwerako ndinakhala pa matabwa paja manja akuvina, ndipo malo amenewo nsalu inatuluka yoipa kuposa poyamba. Ndinatenga mpeni kuti ndidulepo. Amake Rudo, amene anali asanandilankhule mawu abwino kwa nthawi yaitali, anandigwira mkono. "Ulusi wa madala ndi wowerengeka," anatero. "Musataye. Pitirizani pomwepo." Ndinapitiriza. Pang'onopang'ono mfundo zinayamba kuchepa thupi. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndamanga mfundo ndikuyang'ana nkhuku panja.

Matabwa anga ndi opapatiza, ndiye ndinkawomba zidutswa zazitali, amake Rudo n'kuzilumikiza ndi singano. Itatha tinaichapa, kuisita, ine n'kukwera kombi ndekha, popanda wouza kondakitala. Njira yonse ndinkaopa kuti ndikapeza anthu atasonkhana pakhomo. Koma ndinawapeza ali moyo, akumwa phala.

Anaiyala pa maondo. Anayamba kumayambiriro, zala zikuyenda pang'onopang'ono mzere ndi mzere. Pa zimfundo zija ankaima. Atafika pamalo a maliro a kwa aneba anaimapo nthawi yaitali.

"Apa unamwa."

"Ee, madala."

Anapitiriza mpaka kumapeto kosalala kuja. Ine ndikudikira chikhatho. Ndinangoona chikhadabo, kwee!

"Yakanidwa. Ukufuna ndikafike kwa Mulungu nditavala chiguduli? Kawombe ina. Iyi isiye pompano, ungakaigulitse n'kumwera."

Ha! Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima. Nkhalamba yosayamika! Koma ndinakagula ulusi wina, amake Rudo anandithandiza ndi za mabhero zomwe zija, ndipo sindinanenepo kanthu za mabhero kuyambira tsiku limenelo. Ndinawomba yachiwiri, yabwino ndithu. Ndinapita nayo. Kwee, akuti m'mphepete mwakhota. Yachitatu, kwee, akuti ndapanikiza kwambiri, ilibe mpweya. Ndinati, "Madala, wakufa mpweya aufuniranji?" Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akuseka mpaka kutsokomola.

Zokanidwazo ankandibwezera, kupatula yoyamba ija. Amake Rudo anaziyala pa tebulo lawo la ku msika, pambali pa mabhero. Mayi wina anagula ya pa tebulo la kunyumba kwake. Amayi a chigwirizano anafuna nsalu ya pa guwa, ndi iyo mukuionayo. Ena anayamba kufuna timatawulo, ena zoberekera ana. Rudo anabwera ndi nzeru yoika mizere ya mitundu, n'kumajambula pa foni kuonetsa anzake. Lero amakhala pambali panga kukulunga ulusi, ine ndikulankhula Chichewa iye akuyankha Chishona, ndipo timamvana bwinobwino. Sindinalemere ayi, musandiyang'ane nsapato. Koma ndiwo za pakhomo panga ndimagula ndine, ndipo chitseko cha kuchimbudzi ndinabwezerapo.

Ulendo wa ku Kadoma unasanduka chizolowezi. Adokotala anali atanena kuti nthawi yatha, koma a Mbewe anaona mvula ina, n'kuonanso ina. Esinati ankati ndikatsala pang'ono kubwera ankadya bwino, kumeta ndevu, n'kuuza aneba kuti, "Lero ndili pa ntchito, kukubwera nsalu." Mzindawo sunasinthe. Mtengo uja ukukulabe m'fakitale, maenje ndi omwe aja. Koma ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaziona: bambo wina wowotcherera zitsulo pansi pa khoma logumuka akupanga mawilibala, amayi akuumba njerwa, timadimba m'mbali mwa njanji. Anthu aja sanadikire saireni.

Kenako foni inaliranso. Esinati anati ndibwere msanga. Ndinali nditangomaliza nsalu imene mpaka lero ndimati sindidzawombanso yoposa pamenepo, yosalala, yopanda ndi mfundo imodzi yomwe yomveka. Ndinaikulunga n'kuthamanga. Unali masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapeza atagona, mawu atatheratu. Milomo inkayenda koma ine sindinkamva kanthu. Ndinaika nsalu yatsopanoyo pansi pa dzanja lawo. Anaipapasa pang'ono, n'kuikankhira kumbali. Kenako anakweza chala n'kuloza ku sutikesi.

Esinati anatsegula n'kutulutsa nsalu yoyamba ija, chiguduli chija, itapindidwa bwino m'pulasitiki.

"Ayi, madala," ndinatero. "Imeneyo ayi. Anthu adzandiseka. Onani yabwinoyi."

Esinati anandigwira phewa. Ndipo tsiku limenelo analankhula Chichewa, chothyokathyoka koma Chichewa. Anati, "Baba Rudo, tsiku lomwe lija munabwera nayo, mutangotuluka, anandiuza kuti, ‘Nsanda yanga ndi imeneyi, uisunge. Koma usamuuze. Ndikamuuza kuti yadutsa, ntchito yatha, abwerera ku bhawa.’"

Nkhalamba yachinyengo! Zaka zonsezi kundikweza makombi, kundikanda ndi chikhadabo, nsanda ili m'sutikesi! Ndinafuna kukalipa, koma ndinangolandira nsaluyo m'manja mwa Esinati.

Tinaiyala pa chifuwa chawo. Zala zinayamba kuyenda, zofooka koma zikudziwa njira. Zinadutsa pa zimfundo za makala, zinadutsa pamalo pamene ndinamwa, osaima. Zinafika pamene mfundo zinayamba kuchepa, mpaka kosalala. Kenako anafufuza dzanja langa, kuliika pa nsalupo, n'kuligwira kanthawi. Silinkanjenjemera. Anakweza chikhatho chawo pang'ono n'kuchitsitsa pamwamba pa dzanja langa. Pha.

Anamwalira mawa lake. Tinawaika ku Rimuka m'nsalu yomweyo, ndipo palibe amene anaseka. Pamaliropo kapu inayenda monga mwa masiku onse. Itafika kwa ine ndinaipatsira wotsatira.

Ndiye ndi umenewo umboni wanga. Sindikulonjezani kuti fakitale idzatsegulidwa, zimenezo sindikuzidziwa, ndipo ndinasiya kuima pa geti. Ine ndine wokhutira. Ndimadzuka nthawi ya saireni, ndimamwa tiyi ndi dzanja limodzi, amake Rudo amandiseka ndikamaimba pa ntchito. Ludzu lija limabwerabe nthawi zina, makamaka kukatentha, ndipo ndikalimva ndimauza mkazi wanga mokweza kuti lafika, chifukwa likanenedwa limachepa mphamvu.

Kunyumba kwanga ku Pfupajena tsopano kuli matabwa awiri owombera. Enawo ndinakhoma chaka chatha ndipo alibe mwini. Loweruka m'mawa ndimakhala ndilipo, tiyi amakhalapo, ulusi uliponso. Nsalu yanu yoyamba idzakhala yoipa, ndikuuziranitu, ndipo sitidzaidula. Ambuye amene anandibwezera zala akudalitseni nonse. Ndipo inu achimwene amene chiyambire ndikulankhula manja ali m'matumba, ndakuonani. Musadikire kuti ayambe asiya kunjenjemera. Bwerani nawo choncho.